Akuti gasi wa mafiliji wothawira m'mlengalenga akutsika ku Ulaya koma kuno akukwera: ndigule makina okokera gasi?

Mmisiri wa ku Chirimba

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya gasi. Ine ndimakonza mafiliji, mafiriza ndi ma aircon, shedi yanga ili ku Chirimba kuno ku Blantyre. Makasitomala anga ndi amayi ogulitsa mafilizesi, eni mabutchala, mabala a m'makwalalamu ndi maofesi angapo m'tauni.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi malume anga nthawi imene silinda yoyera ya R12 inali itayamba kusowa. Tinauzidwa kuti gasi ameneyo amaboola ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatiteteza ku dzuwa, tisinthire ku R134a wa silinda ya buluu. Tinasintha. R22 wa silinda yobiriwira nayenso akuti masiku ake atha, ma aircon atsopano akubwera ndi R410A wa pinki, ena R32. Ma cold room ambiri a mabutchala ndi R404A wa olenji. Mafiliji atsopano a m'nyumba akubwera ndi R600a wa m'tizitini, uja amayaka ukamuyandikira ndi moto. Gasi aliyense pofika amatamandidwa kuti uyu ndiye wabwino, pakapita zaka omutamanda omwewo amamutembenukira.

Tsono mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji wandionetsa chithunzi cha mizere pa foni. Akuti magasi amene mayiko a ku Ulaya amatayira m'mlengalenga akhala akuchepa, pamene ku Asia ndi kuno ku Africa akuchuluka, ndipo akuti wa buluu ndi wa pinki omwewa ndi amene tsopano akutenthetsa dziko. Amayeza ndani, ndipo amayeza bwanji? Chiyambireni ntchito palibe wa boma kapena wa bungwe anafikapo pa shedi kudzandifunsa kuti chaka chino gasi wathawa wochuluka bwanji. Kuno mukudziwa mmene zimakhalira: kompuresa ikapsa timadula paipi ndi pulayala, gasi n'kulira kuti psss, ife n'kupatuka pang'ono, basi yatha.

Funso lina ndi la m'thumba. Pali munthu ku Limbe akufuna kundigulitsa makina okokera gasi m'silinda, ogwirapo kale ntchito, koma mtengo wake ukuyandikira wa njinga yamoto ya kabaza. Ndigule? Kasitomala wanga salipira kuti ndamusungira gasi wakale, iye amangofuna filiji izizire. Ngati R134a ati adule kapena asowe monga anachitira R12, ndidziwiretu.

Wa mafiliji ku Leeds

Achimwene, moni wa kuno kozizira. Ntchito yathu ndi imodzi, ine ndimakonza mafiliji a m'masitolo akuluakulu kuno ku Yorkshire, ku Britain. Ndikuuzani zimene ndaona ndi maso, za kayezedwe ayankha odziwa.

Mwanayo sakunama. M'mayiko a European Union (EU) magasi amenewa anafika pachimake cha mu 2014, kuyambira 2015 akhala akutsika. Sikuti anthu a kuno anangodzuka ndi mtima wabwino ayi. Lamulo la 2014 linakagwira kumene gasi amalowera: makampani opanga ndi oitanitsa ma HFC, gulu la magasi ngati R134a, R410A, R404A ndi R32, anapatsidwa mlingo woti asapitirire, ndipo mlingowo unkadulidwa. Mu 2016 unafika 93 peresenti, mu 2018 unagwa kamodzi kufika 63 peresenti, mu 2021 unafika 45 peresenti. Britain potuluka mu EU inapitiriza ndondomeko yomweyo.

Nzeru yake ili apa. Mlingowo sawerengera makilogalamu, amawerengera mphamvu ya gasi yotenthetsa dziko poyerekeza ndi carbon dioxide. Kilogalamu imodzi ya R134a imafanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide. Ya R410A ndi 2,088, ya R404A ndi 3,922, ya R32 ndi 675, pamene R600a ndi R290, mnzake woyaka, ndi 3 basi. Ndiye woitanitsa akagulitsa kilogalamu imodzi ya wa olenji wadya mlingo umene akanagulitsira makilogalamu pafupifupi 6 a R32. Mukuona amene anayamba kuthawidwa. Mu 2017 ndi 2018 mtengo wa R404A unakwera kangapo konse, mpaka masilinda tinayamba kuwamangirira ndi tcheni m'vani poopa akuba. Kale sitolo inkatha kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a gasi wake pa chaka, bwana n'kungoimba foni kuti bwerani mudzawonjezere. Gasi atadula bwana yemweyo anayamba kuima kumbuyo kwako uku ukufufuza pothawira, kufunsa kuti kodi mwapapeza.

Kenako mu 2020 analetsa kuthira R404A watsopano m'makina aakulu, olowa makilogalamu 10 kupita m'mwamba. Wokokedwa m'makina akale n'kuyeretsedwa ndiye analoledwa. Apo ndi pamene gasi wakale anasanduka ndalama, ndipo palibe mmisiri amene ankafunanso kukumbutsidwa kuti atulutse makina okokera m'vani. Masitolo atsopano ambiri akuyendera carbon dioxide yemweyo, amene pa ntchito timamutcha R744, ndipo tinafiliji ta zakumwa ndi ta R290. Galimoto zatsopano kuyambira 2017 zimabwera ndi R1234yf. Kuno sungagule silinda wopanda satifiketi, kutaya gasi dala ndi mlandu, ndipo makina aliwonse aakulu ali ndi buku lolembamo gasi amene walowa ndi amene watuluka. Mu 2024 EU inawonjezera lamulo lina loti pofika 2050 ma HFC atheretu.

Musaganize kuti zonse zinayenda bwino. Mtengo utakwera kunabwera gasi wozembetsa kudzera m'malire a kum'mawa kwa Ulaya, m'masilinda ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya aja ngati amene mumagula kumudziko, pamene kuno analetsedwa mu 2007. Ankagulitsidwa pa intaneti poyera. Ameneyo m'mabuku a mlingo mulibe, koma m'mlengalenga amafika ndithu.

Za makinawo ndikuyankhani mosapita m'mbali. Ngati ntchito yanu yambiri ndi mafiliji a amayi a mafilizesi, musagule lero. Filiji ya m'nyumba imalowa magalamu 100 kapena 150, ndipo ikamafika pa shedi nthawi zambiri gasiyo anathawa kale, ndi chifukwa chake yabwera. Mukoka chiyani? Koma cold room ya butchala ya makilogalamu 10 a R404A ndi nkhani ina. Kudula paipi pamenepo ndi kutaya matani 39 a carbon dioxide, komanso silinda yathunthu imene mwini butchala adzagule mawa lake. Ngati muli ndi ma cold room angapo ndi ma aircon a m'maofesi, makinawo adzabweza ndalama zake. Musanawagule, yambani ndi silinda ya naitirojeni yofufuzira pothawira gasi, vacuum pump yabwino ndi sikelo, ngati mulibe. Gasi wambiri satayika tsiku lodula paipi, amathawa pang'onopang'ono pa nati yosamangidwa bwino, ife n'kumangowonjezera miyezi ingapo iliyonse.

Wa ma aircon a galimoto ku Joni

Aise wa ku Leeds, zanuzo ndazimva, koma ine zimandinyansa. Amene anapanga R12 ndi a mayiko olemera, amene anatigulitsa R134a ndi iwo, lero abwera ndi R1234yf wodula kangapo kuposa wa buluu ndipo opanga ake ndi makampani ochepa. Ife amene sitinapangepo ngakhale kachitini kamodzi ndiye tizigula makina a mtengo wa njinga yamoto?

Kuno ndimaona tsiku lililonse. Munthu abwera ndi galimoto yatsopano ya R1234yf, ukamuuza mtengo wodzazira amatukwana, n'kupita kuseri kwa msewu kumene amamuikira kachida kolumikizira n'kumuthirira R134a. Ndiye galimoto imene papepala ndi yoyera ikuyenda ndi gasi wakale. Kumudzi galimoto za ku Japan zimene zadzaza m'misewu pafupifupi zonse ndi R134a, theka la kilogalamu iliyonse, ndipo ndi misewu yathu ija mapaipi sachedwa kugwedera. Mwezi wa Okotobala mzere wa odzadzazitsa sumatha. Mafiliji a kaunjika nawonso amatsikira kwathu, gasi wawo amakathawira ku Ndirande, m'mabuku a kumene achokera n'kuoneka kuti zatsika. Ghana inaletsa mafiliji a kaunjika mu 2013, ife tikudikira chiyani kaya.

Achimwene a ku Chirimba, chimene ndingakuchenjezeni ndi gasi wachinyengo, chifukwa mtengo ukakwera amachuluka. Mu 2011 makontena oziziritsa anaphulika m'madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu anafa, chifukwa mu R134a wabodza munali R40 amene amadyana ndi aluminiyamu wa m'kompuresa. Silinda ya buluu yotchipa modabwitsa muziisiya pomwepo.

Aphunzitsi a sayansi ku Zomba

Bambo a ku Chirimba, ndiyankhe funso lanu loyamba, la amene amayeza. Ku shedi kwanu sadzabwera, chifukwa amawerengera pa chipata. Malawi sapanga gasi ameneyu, yense amalowa kuchokera kunja, ndipo woitanitsa amayenera kukhala ndi chilolezo cha ku ofesi yoona za ozoni ku nthambi ya zachilengedwe. Chaka chilichonse boma limapereka lipoti pansi pa pangano la Montreal la 1987 kuti gasi wakuti walowa wochuluka chonchi. Chiwerengero chimenecho ndi cha gasi wolowa, osati wothawa.

Cha wothawa chimachita kuyerekezedwa. Akatswiri amatenga chiwerengero cha mafiliji, galimoto, ma aircon ndi ma cold room m'dziko, gasi amene amalowa m'chilichonse, gawo limene limathawa pa chaka, ndi zaka zimene makina amakhala asanatayidwe. Mayiko olemera amachita masamu amenewa chaka ndi chaka. Mayiko osauka sakakamizidwa kwenikweni, ndipo m'malipoti ambiri a kuno ku Africa malo a magasiwa amakhala opanda kanthu kapena odzaza theka. Ndiye mzere wa Africa umene mwana wakuonetsaniwo muziuona ngati kuyerekeza kwabwino, osati sikelo.

Palinso njira yachiwiri imene ine ndimaikhulupirira kwambiri, yoyeza mpweya weniweniwo. Pali malo oyezera ngati Mace Head ku Ireland, Jungfraujoch m'mapiri a ku Switzerland, Cape Point ku South Africa ndi phiri la Mugogo ku Rwanda. Amaona kuchuluka kwa gasi, n'kulondola kumene mphepo yachokera. Njira imeneyi ndi imene inaulula mu 2018 kuti R11, gasi amene anayenera kukhala atasiyidwa kupangidwa pofika 2010, akutulukabe kwinakwake. Mu 2019 analondoleza gawo lalikulu kum'mawa kwa China, m'zigawo za Shandong ndi Hebei, ku mafakitale a thovu lotchingira kutentha. Boma la kumeneko litagwira anthu, mzere unatsikanso. Chimodzimodzi HFC-23, amene amatuluka ngati zinyalala popanga R22 ndipo mphamvu yake ndi 14,800. China ndi India anali atanena kuti achepetsa kwambiri, koma oyeza mpweya anapeza kuti mu 2018 anali wochuluka kuposa kale lonse.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza owerenga mizereyi. R12 ndi R22 salowa m'chiwerengero cha dziko cha magasi otenthetsa, chifukwa anali kale pansi pa pangano la ozoni. Olowamo ndi ma HFC, ma PFC ochokera makamaka kosungunulira aluminiyamu, SF6 wa m'masiwichi akuluakulu a magetsi, ndi NF3 wa m'mafakitale a zipangizo za kompyuta. Ndiye inu mukachotsa aircon ya R22 n'kuika ya R410A, mzere wa dziko umadumpha kuchoka pa ziro, pamene R22 uja mphamvu yake inali kale 1,810. Kuchoka pa R12 kupita ku R134a ndiye kunathandiza kwambiri, chifukwa R12 ndi 10,900, koma papepala kumaoneka ngati kuipiraipira. Malume anu sanakunamizeni.

Mzere wa dziko umathanso kugwa chifukwa cha fakitale imodzi kapena ziwiri. Ku Britain m'zaka za m'ma 1990 gawo lalikulu linali HFC-23 wa m'mafakitale a R22. Ataika ng'anjo zowotchera gasiyo chakumapeto kwa zaka zimenezo mzere unagwa mwadzidzidzi, kenako unayambanso kukwera ndi mafiliji, galimoto, ngakhale timapampu ta odwala mphumu, timene timayendera R134a yemweyo. Kutsika kwachiwiri kumene bambo a ku Leeds akunena ndi kovuta kuposa koyamba, chifukwa kukudalira manja a amisiri zikwizikwi. Japan ili ndi lamulo lokokera gasi kuyambira 2001, koma kwa zaka zambiri gasi wokokedwa m'makina otayidwa sankafika ngakhale theka.

Tsono za ife. Pangano la Montreal lija linakonzedwanso ku Kigali mu Okotobala 2016 kuti liphatikize ma HFC, linayamba kugwira ntchito mu 2019, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko oyambirira kuvomereza, mu 2017. Gulu lathu, mmene mulinso China, linayenera kusiya kuwonjezera mu 2024, kudula 10 peresenti mu 2029, 30 mu 2035, 50 mu 2040, ndi 80 mu 2045. India ndi mayiko a ku Gulf anapatsidwa zaka zina, iwo kuima kwawo ndi 2028. R22 ndiye watsala pang'ono: 2025 inali yodula 67.5 peresenti, 2030 atheretu kupatula kochepa kokonzera makina akale. Ndiye wobiriwira ndi amene ayambe kukusowani, wa buluu akadalipo kwa zaka ndithu.

Ine ndikuona kuti wothawa kuno akwerabe kaye ngakhale chipata chitapanikizidwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja ounikira magetsi anali ongopitirira pang'ono limodzi mwa khumi. Magetsi akamafalikira mafiliji achuluka, ndipo tikuwafuna, a katemera, a mkaka, a nsomba. Mwayi wathu ndi woti makina ambiri sitinagule, ndiye tikhoza kulowa mwachindunji ku R600a ndi R290 osadzera kwa pinki ndi olenji. Bambo a ku Joni, mkwiyo wanu ndikuumva, ndipo n'chifukwa chake pali thumba la pangano la Montreal limene mayiko olemera amaikamo ndalama zophunzitsira amisiri ndi kugulira zipangizo. Koma taonani samu iyi: Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya carbon dioxide pa chaka kuchokera ku mafuta ndi mafakitale. Silinda imodzi ya R134a ya makilogalamu 13.6 ndi matani 19. Zimene mmisiri mmodzi amagwira m'manja zimaposa za anthu 150.

Mmisiri wa ku Chirimba

Zikomo nonse. Aphunzitsi, za R22 kusalowa m'buku zandidabwitsa, ndikamufotokozera mwanayo chifukwa iye amaganiza kuti ife amisiri ndi amene tinayambitsa zonse posiya gasi wakale.

Achimwene a ku Joni, za kuthira gasi wolakwika kunonso ziliko. Ndalandirapo filiji ya R600a imene wina anaithira R134a, kompuresa ikuchita kutentha osagwirika. Ena mpaka amathira gasi wophikira.

A ku Leeds, ma cold room ndili nawo a mabutchala ndi limodzi la wogulitsa nkhuku, onse a olenji. Naitirojeni ndilibe, ndimafufuza pothawira ndi madzi a sopo pogwiritsa ntchito gasi wa m'makina momwemo. Limodzi mwa ma cold room amenewa limandiitanitsa pafupipafupi, sopo saonetsa thovu paliponse koma geji imangotsika. Ndikapita kukaona makina a ku Limbe aja ndiyang'ane chiyani? Nanga gasi ndikakoka ndizisunga muti, m'masilinda akale omwewa?

Wa mafiliji ku Leeds

Ayi achimwene, m'masilinda otaya musathiremo, chitsulo chake ndi chopyapyala ndipo sanapangidwire kudzazidwa kachiwiri. Pamafunika silinda yokokeramo, ya mavalavu awiri, nthawi zambiri yotuwa ya mutu wachikasu. Muziika pa sikelo ndipo musapitirire 80 peresenti, chifukwa ndi dzuwa la ku Blantyre gasi amafufuma. Gasi aliyense silinda yake. Mukasakaniza wa olenji ndi wa pinki palibe makina amene mungathiremo. Wochokera m'kompuresa yopsa musabwezere, amakhala ndi asidi, fungo lake mukulidziwa.

Ku Limbe pitani ndi ka aircon kakale kamene kali ndi gasi, awalumikize pamaso panu. Onani ngati geji ikutsika kupitirira ziro n'kukhala pomwepo mukatseka valavu. Funsani ngati amakoka gasi wamadzimadzi kapena wa mpweya wokha, chifukwa a mpweya okha pa cold room mudzagona pomwepo. Onaninso pa chizindikiro chake ngati amalola R410A, akale ena sapirira mphamvu yake. R600a ndi R290 musawakoke ndi makina amenewo pokhapokha atalembedwa kuti ndi a gasi woyaka. Musanapereke ndalama kafunseni ku ofesi ya ozoni kapena ku bungwe la amisiri a mafiliji ngati kuli maphunziro, chifukwa mapulogalamu amenewa nthawi zina amabwera ndi zipangizo.

Cold room yovutayo, sopo sangakuonetseni ngati pothawira pali mkati mwa evaporator, mapaipi oziziritsa a mkati aja, kapena pansi pa thovu lokutira mapaipi, ndipo pozizira kwambiri madziwo amauma asanachite thovu. Kokani gasi, zimitsani kuti ayezi asungunuke, dzazani naitirojeni kudzera pa regulator osapitirira mlingo wolembedwa pa makinawo, lekanitsani mbali ya mkati ndi ya kunja, musiye usiku wonse. Mbali imene geji yatsika ndi imene muyambire, makamaka pa mapindiko a evaporator ndi pamene paipi imakhudza chitsulo pafupi ndi kompuresa. Mwini butchala mumuonetse mtengo wa masilinda amene wagula chaka chino musanamuuze mtengo wa ntchitoyo.